Malangizo: Za Kukonza Mbaula za Gasi



Silinda ya gasi ikachita dzimbiri kapena kung'aluka, chonde musapite nayo kwa mmisiri wowotcherera njinga, ngakhale akhale wodziwika chotani pamsika, pakuti silinda yooneka ngati yatha imasungabe mpweya wokwanira kuphulika ikalawa moto; ibwezeni kumene munaigula, popeza malonda a gasi ali m'manja mwa bungwe la MERA, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2004, ndipo woyenera kuwachita ndi yekhayo amene ali ndi chilolezo.

Mukakayikira paipi, pakanipo thovu la sopo, osayatsa machesi ayi. Likayamba kufufuma, tsekani gasi, tsegulani zitseko. Lawi labwino ndi labuluu. Likasanduka lachikasu ndi kudetsa mapoto, dziwani kuti mbaulayo ingathe kutulutsa mpweya wakupha wopanda fungo, umenenso makala amatulutsa m'nyumba yotseka. Akulu anati tsoka silinunkha.

Womva mutu ndi chizungulire mumtulutse panja msanga, ndipo muthamangire naye kuchipatala.