Chimbudzi Chonyamula ndi Bafa la mu Kalavani: Yambani Mwadziwa Kokataya

Kalavani ndi kanyumba ka matayala kokokedwa ndi galimoto, komwe anthu amagonamo akapita kukapumula kunyanja, kumapiri kapena kumalo osungirako nyama zakutchire. Ndi yofala ku Britain, Netherlands, Australia ndi South Africa, ndipo abale athu okhala m'mayikowa ena amayigula, ena amalembedwa ntchito yoyitsuka ndi kuyikonza, ena amagwira ntchito m'malo omwe makalavani amaima. Kuno kwathu timayiona kawirikawiri ndi alendo ochokera kumwera amene amadzaima ku Senga Bay, Cape Maclear kapena Chitimba. Tsamba lino likufotokoza za chimbudzi chonyamula komanso bafa la m'kanyumba kotere, ndipo mfundo yake ndi imodzi. Chimbudzi cha mu kalavani chimangosunga zonyansa kwa masiku ochepa, sichizithetsa. Ubwino wake kapena kuipa kwake kumaonekera pa tsiku lokataya. Munthu asanafunse mtengo kapena kukongola kwa chipangizochi, ayambe wayankha kuti akadzadzaza adzakakhuthula kuti, ndipo adzanyamule ndani.

Chimbudzi chonyamula chodziwika kwambiri ndi chija kampani ya Thetford ya ku Michigan, ku America, inayamba kugulitsa m'zaka za m'ma 1960 ndi dzina loti Porta Potti. Chili ndi zigawo ziwiri zolumikizana. Chapamwamba chili ndi pokhala komanso thanki ya madzi ogejemulira, pafupifupi malita 15, omwe amatuluka mukapopa ndi dzanja. Chapansi ndi thanki yosungira zonyansa, ya malita pakati pa 10 ndi 21 malinga ndi kukula kwake. Pakati pa ziwirizi pali kachitseko kotsetsereka kokhala ndi labala m'mphepete, ndipo labala ameneyu ndiye amatsekera fungo. Mtundu wachiwiri, wotchedwa cassette, umamangidwira m'kalavani momwemo, koma thanki yake, ya malita pafupifupi 17 mpaka 19, imasololedwa kudzera pa kachitseko ka kunja kotero kuti zonyansa sizidutsa pomwe anthu amagona ndi kudyera. Makalavani akuluakulu a ku America amakhala ndi thanki yokhazikika pansi, yomwe imakhuthulidwa ndi payipi galimoto yonse itakokeredwa pamalo otayira. Palinso mtundu wouma, womwe tiufotokoza kutsogoloku.

Phindu la chimbudzi chotere ndi lenileni, ndipo limaoneka kwambiri usiku. Ku Kruger National Park misasa yambiri ili ndi mpanda komanso nyumba zosambira zabwino, koma pamisasa ngati ya ku Central Kalahari ndi Mabuasehube ku Botswana palibe mpanda, ndipo mikango ndi afisi zimadutsa pakati pa matenti. Kumeneko kutuluka pakati pa usiku kukafuna chimbudzi chokumba n'kuika moyo pachiswe. M'mbali mwa Luangwa kapena Shire, mvuu zimatuluka m'madzi usiku kudzadya msipu, ndipo sizifuna kudzidzimutsidwa. Ngakhale kopanda zilombo, taganizirani za agogo a miyendo yovuta, mayi woyembekezera amene amadzuka kangapo, mwana wotsegula m'mimba kunja kukugwa mvula, kapena bambo wa matenda a shuga. Kwa anthu otere chimbudzi chapafupi ndicho chimalola kuti ulendo utheke. Chimathandizanso kuti tchire lozungulira msasa lisadzaze mapepala ndi ntchentche, zomwe aliyense amene anaimapo pamalo opumulira m'mbali mwa msewu waukulu amazidziwa.

Tsono tiwerengere. Munthu wamkulu amatulutsa mkodzo wapakati pa lita imodzi ndi malita 2 patsiku. Banja la anthu anayi likamagwiritsa ntchito chimbudzichi usana ndi usiku, kuphatikizapo madzi ogejemulira ndi malita angapo omwe amathiridwa poyamba pamodzi ndi mankhwala, thanki ya malita 20 imadzaza m'masiku awiri kapena atatu. Lita imodzi imalemera pafupifupi kilogalamu imodzi, ndiye kuti wina m'banjamo adzanyamula makilogalamu oposa 20, kulemera kwa chigubu chodzaza cha kumjigo, kupita nacho kotayira, kutsegula chivindikiro, kukhuthula, kutsukuluza kangapo ndi kubwerera. M'nyengo yotentha ngati ya Okutobala simungadikire n'komwe kuti idzaze, chifukwa kutentha kumafulumizitsa kuwola ndipo fungo limagonjetsa mankhwala. Ntchitoyi ogulitsa sayitchula kwambiri, koma ndiyo imapangitsa kuti zimbudzi zambiri zogulidwa ndi chimwemwe zithere m'galaja. Banja likambirane poyera za amene adzaigwire. Ngati ndi wantchito, apatsidwe magolovesi, sopo ndi madzi osamba m'manja, ndipo asatumidwe kukataya pamalo pomwe bwana wakeyo sangafune kuonedwa akutaya.

Ku Britain funso la kotayira linayankhidwa kalekale. Pafupifupi msasa uliwonse wolandira makalavani uli ndi malo apadera okhuthulira, omwe ambiri amangowatcha Elsan point potengera dzina la kampani yakale yopanga zimbudzi zamankhwala. Malowa amakhala ndi mpopi wawo wotsukira, wosiyana ndi mpopi wa madzi akumwa. Kumwera kwa Africa misasa ina ikuluikulu ili nawo, koma yambiri, makamaka yaing'ono ya m'mbali mwa nyanja, ilibe. Zonyansa za kumeneko zimapita mu septic tank kapena m'dzenje lokumba, ndipo apa m'pamene mankhwala amabweretsa vuto. Septic tank imagwira ntchito chifukwa cha tizilombo tosaoneka ndi maso tomwe timagaya zonyansa. Mankhwala abuluu akale ankakhala ndi formaldehyde, yemwe amaletsa fungo mwa kupha tizilombo, ndipo akafika mu septic tank amaphanso tizilombo tothandizato. Thanki ikasiya kugaya imadzaza msanga, imanunkha, ndipo madzi osayeretsedwa amalowa pansi. Formaldehyde yemweyo bungwe lofufuza za khansa la IARC linamuika m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa, ndipo boma la California linaletsa kugulitsa mankhwala okhala naye a m'zimbudzi za makalavani. Masiku ano alipo mankhwala, kawirikawiri obiriwira, olembedwa kuti savulaza septic tank. Mtundu wa madziwo usakunyengeni, werengani zomwe zalembedwa pabotolo, ndipo mufunse mwini msasa musanakhuthule.

Wina anganene kuti tchire ndi lalikulu, nyanja ndi yaikulu, thanki imodzi singasinthe kanthu. Maganizo amenewa ndi oopsa, ndipo ife a kuno tili ndi chifukwa chowakanira. Mliri wa kolera womwe unayamba mu 2022 ku Malawi n'kupitirira mu 2023 unapha anthu oposa 1,700, ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja monga Mangochi, Salima ndi Nkhata Bay anali m'gulu la okhudzidwa kwambiri. Kolera imayenda m'madzi ndi chakudya chomwe chakhudzana ndi chimbudzi cha munthu wodwala, ngakhale amene sakuonetsa zizindikiro. Likodzo nalo limapitirira chifukwa mazira a nyongolotsi zake amatuluka mu mkodzo, akafika m'madzi amaswa n'kulowa mu nkhono, kenako amabwerera kwa osamba ndi ochapa. Thanki ya kalavani imasonkhanitsa za anthu angapo za masiku angapo pamalo amodzi. Kuikhuthulira pamchenga, mumtsinje, m'ngalande ya madzi amvula kapena pafupi ndi chitsime n'kusiyira matenda anthu amene adzatsala pamalopo mlendo atapita. Mankhwala a m'thanki anapangidwa kuti achepetse fungo ndi kufewetsa zolimba, ndipo musawadalire kuti apha majeremusi onse. Kopanda malo apadera, khuthulirani m'chimbudzi chogejemula cholumikizidwa ku mapayipi a tawuni, pang'onopang'ono, mwini wake atalola. Ngati ngakhale chimenecho palibe, tsekani thanki muyende nayo mpaka mutachipeza. Kwa eni malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja, kumanga pokhuthulira pa simenti, pokhala ndi chivindikiro ndi mpopi wakewake, patali ndi madzi, ndi ntchito yaing'ono poyerekeza ndi kukonza septic tank yowonongeka.

Ena atopa ndi mankhwala ndipo akusankha chimbudzi chouma, monga zopangidwa ndi Separett ya ku Sweden kapena Nature's Head ya ku America. Chimalekanitsa mkodzo, womwe umapita m'kachigubu kutsogolo, ndi zolimba, zomwe zimagwera m'ndowa n'kukwiriridwa ndi utuchi kapena ulusi wa makoko a kokonati, kafani kakang'ono kakutulutsa chinyontho kunja. Amene anaonapo zimbudzi za ecosan m'midzi yathu, zothira phulusa ndi dothi, aizindikira nzeruyi: fungo loipitsitsa limabwera mkodzo ukasakanikirana ndi chimbudzi. Ubwino wake ndi woti sichifuna madzi ogejemulira ndipo ndowa imatenga nthawi yaitali isanadzaze. Komabe funso lathu lija silinachoke. Kachigubu ka mkodzo kamafuna kukhuthulidwa tsiku lililonse kapena masiku awiri aliwonse, ndipo za m'ndowa, ngakhale ogulitsa amazitcha manyowa, sizinapse. Mazira a njoka za m'mimba amakhala amoyo miyezi yambiri, n'chifukwa chake dzenje la ecosan limatsekedwa kwa theka la chaka kapena kuposerapo lisanafukulidwe. Zochokera mu kalavani zisathiridwe m'dimba la ndiwo zamasamba. Mtengo wa zimbudzi zoumazi ndi wokweranso kangapo kuposa wa Porta Potti wamba.

Pa nkhani ya bafa, chigamulo cha tsamba lino n'chosiyana. Chimbudzi chimathetsa vuto lomwe silidikira, pomwe kusamba kumatha kudikira mpaka mutafika pamsasa wokhala ndi madzi. Mgolo wogubuduza wa Aquaroll, womwe eni makalavani ku Britain amatungira madzi, umalowa malita 40. Shawa ya kunyumba imatha kutulutsa malita 10 pa mphindi imodzi, ndipo ngakhale ya mu kalavani imatulutsa ochepa, anthu awiri kapena atatu akasamba mgolo watha. Madzi onse osambawo amafunanso thanki yawo ndi kokataya, chifukwa amakhala ndi sopo ndi litsiro. Kalavani yokhala ndi thanki ya malita 100 yanyamula makilogalamu 100, ndipo kulemera kumeneku kumachotsedwa pa katundu yemwe wopanga analola. Kupyola malirewo kumatenthetsa matayala, kumatalikitsa mtunda woimira mukaponda mabuleki, ndiponso kumapangitsa kalavani kugwedezeka kumbuyo ngati kulemerako kwakhala kumchira. Ndiye pali chinyontho, mdani wamkulu wa makalavani. Makoma a ambiri, makamaka akale, ali ndi timatabwa ndi pulayiwudi mkati, ndipo kung'aluka pang'ono kwa pansi pa bafa kapena kumatuka kwa zomatira m'makona kumalowetsa madzi kosaoneka. Mukamamva fungo la chuku, matabwa angakhale atawola kale. Misewu ya mabampu imafulumizitsa zimenezi chifukwa kugwedezeka kumamasula zolumikizira mapayipi.

Pali otsutsa amene ali ndi mfundo yomveka. Munthu wolumala, kapena wokhala mu kalavani miyezi yathunthu pa ntchito ya misewu kapena ya kumunda, bafa la mkati amalifunadi, ndipo kumadera ozizira kwambiri kusambira panja sikutheka. Kwa iwowa ndi bwino kuligula, bola ayese chinyontho cha m'makoma chaka chilichonse, atsegule kazenera ka padenga akamaliza kusamba, ndipo chotenthetsera madzi cha gasi chikhale chotulutsira utsi kunja, ndi kachipangizo kochenjeza za mpweya wa carbon monoxide, womwe sununkha koma umapha anthu ali m'tulo. Kwa banja loyenda masabata awiri pachaka kumadera otentha, katenti kosambira koimika panja, ndowa ndi kapu, kapena thumba lakuda lotenthetsa madzi padzuwa, zimagwira ntchito yomweyo ndi madzi ochepa, ndipo malo omwe bafa likanatenga amasanduka pogona mwana. Katenti komweko kamakhalanso poika chimbudzi chonyamula masana, usiku n'kuchilowetsa mkati. Izi zimayankhanso dandaulo la ambiri a ife, loti si ulemu kudzithandiza pafupi ndi pophikira, kapena apongozi ali tsidya lina la kakhoma kopyapyala.

Mukasankha kugula chimbudzi chonyamula, sankhani thanki yomwe wonyamulayo angaikweze ikadzaza, ngakhale ikhale yaing'ono, ndipo funsani ngati labala wa kachitseko amapezeka padera, chifukwa ndiye amayamba kutha. Labalayo muzimupaka mafuta a silicone kapena a olive, osati Vaseline, yemwe amamuwononga. Musathire jiki m'thanki: amaumitsa labala, ndipo akakumana ndi mkodzo amatulutsa mpweya wopweteka maso ndi m'chifuwa. Mapepala akhale opyapyala osungunuka msanga, ndipo matewera, zovala za kumwezi ndi tinsalu tonyowa topukutira zipite m'thumba la zinyalala. Mukakwera phiri kapena kukatentha, mpweya umadzazana m'thanki, choncho tsegulani kachitseko chivindikiro chili chotseka kuti zisakuthovukireni. Pokhuthula, lozetsani kukamwa kwa thanki pansi kaye, kenako dinani batani lolowetsa mpweya kuti zituluke mosakhavukira. Tsukuluzani mpaka madzi atayera, ndipo payipi yomwe mwatsukira isadzakhudzenso chigubu cha madzi akumwa. Musananyamuke ulendo, imbirani msasa uliwonse womwe mudzagone, mufunse ngati uli ndi pokhuthulira komanso mankhwala omwe umalola, ndipo masiku a pakati pa malo awiri otere asapitirire masiku omwe thanki yanu imatenga kuti idzaze.