Likasa m'Kalasi ya Akawunti: Mafunso ndi Mayankho

Kodi kubera mayeso kumayambira kuyunivesite?

Ayi, ambiri amabwera nako kuchokera kusekondale. Mu Novembala 2020 boma linathetsa mayeso a MSCE ali mkati chifukwa mapepala a MANEB anali atamwazika kale m'mafoni, ndipo ana analembanso mu Januwale 2021. Amene anadutsa Folomu 4 ndi likasa saleka chifukwa choti walowa pageti la koleji.

Nanga chimamukakamiza wophunzira n'chiyani?

Kwambiri ndi mantha a fizi. Taganizirani mwana wa msodzi wa m'mbali mwa nyanja ya Malombe, komwe chambo chinachepa kalekale. Bambo agulitsa ukonde, mayi akongola kubanki m'khonde, amalume a ku Joni atumiza kangachepe. Mwanayo akalephera phunziro limodzi ndiye kuti sapu, mayeso obwereza. Akalepheranso, kubwereza chaka kapena kuchotsedwa pakoleji. Akawauza chiyani kumudzi? Apa m'pamene kapepala kolemba timalemba ting'onoting'ono kamalowa m'sokosi. Komatu tisanamizane, ena n'ulesi chabe: semesita yonse ali ku bala, buku alitsegula mawa lake kuli mayeso.

Bwanji zimachitika mosavuta m'maphunziro a akawunti?

Chifukwa yankho limakhala limodzi. Pa nkhani yolemba mwakufotokoza, anthu awiri akafanana mawu mphunzitsi amadzidzimuka. Koma balance sheet yolondola imafanana kwa aliyense, choncho kusuzumira nambala ya mnzako n'kokwanira. Asainimenti ya pa Excel nayo imangoyenda pa WhatsApp, munthu n'kusintha dzina pamwamba basi. Kalasi ikakula, woyang'anira mayeso mmodzi sangaone manja onse. Mphunzitsi wobwereza mafunso a chaka chatha naye akuthandizira.

Kodi pali vuto ngati munthu wapeza digiri yake?

Lilipo, chifukwa akawuntanti amasunga ndalama za eni ake. Cashgate ya mu 2013 inationetsa kuti mabuku a ndalama akagwidwa ndi manja osakhulupirika, zipatala zimasowa mankhwala. Wozolowera kukonza nambala kuti akhoze sadzavutika kukonza vawutcha.

Ndani angaletse?

Makoleji asinthe mafunso chaka chilichonse, ndipo wophunzira azifotokoza pakamwa mmene wapezera yankho. Bungwe la maakawuntanti la ICAM, lomwe limachititsa msonkhano wake wapachaka kuno kunyanja ku Mangochi, liikepo nkhaniyi pa zokambirana zake. Inunso makolo, mwana akalephera musamutsekere chitseko; mufunseni chavuta n'chiyani.