Dizilo ndi Gasi m'Injini Imodzi

Mukaima pambali pa mseu wocokera ku Ndola kunka ku Kitwe, mudzaona malole akuru-akuru onyamula mkuwa ndi katundu wa ku migodi. Pafupi-fupi onsewo ayenda ndi mafuta a dizilo. Dzinali linacokera kwa Rudolf Diesel wa ku Germany, amene injini yace inayamba kugwira nchito bwino m'caka ca 1897.

Dziko lathu la Zambia ligula mafuta ace onse kunja. M'caka ca 1965, pamene Azungu a ku Rhodesia anadzitengera ulamuliro mwa makani, njira ya mafuta ya kumwera inatsekeka, ndipo malole ankatuta mafuta m'migolo kucokera ku Dar es Salaam. M'caka ca 1968 anatsiriza paipi ya TAZAMA, ya makilomita 1,710, yofika ku Ndola. M'caka ca 1973 anatsegula Indeni, malo oyengera mafuta, kumene kunkaturukanso gasi wophikira. Tsopano ku Indeni analeka kuyenga, ndipo kuyambira 1973 kufikira lero mafuta sanaleke kudya ndarama zambiri. Ndico cifukwa cace eni malole afuna-funa njira zosungira dizilo.

Njira imodzi ndiyo kuonjeza gasi. Koma tiyambe taona m'mene injini ya dizilo iyatsira moto wace. Kodi munapopapo njinga? Mukapopa kolimba, pampu itentha, pakuti mpweya ukapanikizidwa utentha. Injini ya dizilo icita comweco. Ikoka mpweya, niupanikiza kufikira utatentha koposa. Pamenepo dizilo afayidwamo, nayaka yekha popanda comuyatsa.

Gasi uja, amene m'masitolo amlemba LPG, ndi yemweyo wa m'mabotolo a citsulo ophikira. M'botolo akhala ngati madzi cifukwa ca kupanikizidwa, koma akaturuka asanduka mpweya woyaka. M'maiko ena, monga Australia, amakanika amanga thanki ya gasi pa lole, nalowetsa gasi pang'ono mu mpweya umene injini ikoka. Gasiyo sayaka msanga ndi kutentha kwa kupanikiza monga acitira dizilo. Cotero dizilo ndiye ayamba moto, gasi nalandira, monga udzu wouma uyatsa makala pa mbaula. Zikayenda bwino, dizilo apitako wocepa, ndi utsi wakuda ucepanso.

Tsono kumbukirani ici: gasi ndi mthandizi cabe, salowa m'malo mwa dizilo. Mukacotsa dizilo, injini izima. Ndiponso gasi ali ngati mcere m'ndiwo. Akacuruka, moto uphulika nthawi yace isanakwane, injini igogoda, itentha, ndi zitsulo za m'kati zionongeka. Mwini lole amene anafuna kusunga makwaca ocepa adzalipira ocuruka kwa makanika. Ayeneranso kuwerengera mtengo wa gasi ndi wa zipangizo, pakuti gasi akakwera mtengo phindu lonse litha.

Pali coopsa cina. Gasi ameneyu alemera kuposa mpweya umene tipuma. Akadontha sauluka, koma atsikira pansi, nakhala m'maenje ndi m'ngalande, kulindira moto. Mwa iye yekha alibe pfungo. Pfungo loipa lija analithira dala kuti aticenjeze. Mukalimva, musayatse macesi. Tsegulani zitseko, turukani, ndipo itanani munthu wamkuru.

Ena a inu mudzakhala amakanika ku Nkana kapena oyendetsa malole. Phunzirani lero kuyesa cinthu ndi muyeso musanacithire.

MAFUNSO

1. Kodi dizilo ayaka bwanji m'injini popanda comuyatsa?
2. Cifukwa ninji gasi sangathe kuyendetsa yekha injini ya dizilo?
3. Cicitika nciani gasi akacuruka m'injini?
4. Pezani Dar es Salaam ndi Ndola pa mapu, ndipo lozani njira ya paipi.