Ndabisa ndalama za sukulu, amuna anga ndiwauza bwanji?

Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 32, ndili pabanja ndipo ndili ndi ana awiri, wamng'onoyo wangosiya kumene kuyamwa. Ndinachita digiri ya Management Information Systems ku Poly, ndipo pano ndimagwira ntchito muofesi ya kopaletivu ina ya alimi kuno ku Ntcheu. Timagula mbatata ya kachewere ndi nyemba kwa alimi a ku Tsangano ndi ku Lizulu. Matumba timalemba m'makope achikuto cholimba, ngongole za feteleza zili mu Excel pa laputopu ya akauntanti, pomwe malipiro amapita pa Mpamba ndi Airtel Money. Mwezi ukatha zitatuzi sizigwirizana, ndipo woweruka usiku ndimakhala ine.

Mtima wanga uli pa digiri yachiwiri ya makompyuta ndi bizinesi. Malo ndapeza awiri: sukulu ina ya ku Blantyre yophunzira Loweruka ndi Lamulungu, ndi ina yakunja ya pa intaneti imene akuti miyezi 12 basi wamaliza, koma fizi yake ndi ya madola. Amuna anga ndi mphunzitsi wa ku pulayimale. Nditawalawitsa nkhaniyi chaka chatha anangoti, "Nyumba ili pa lintala, malata tilibe, inu mukuti sukulu?" Apongozi nawo akuti mkazi akaphunzira kuposa mwamuna, pakhomo pamasowa wolamula. Ndiye ndinangotseka pakamwa. Ndinalowa banki m'khonde mwakachetechete, ndipo ndasunga K1.6 miliyoni imene iwo sakuidziwa. Kodi ndilipire kaye fizi kenako ndiwauze? Ndikuopa kuti ndikaulula, ndalamayo ithera ku malata.

Wothedwa nzeru, Ntcheu

Mwana wanga,

Sukuluyo mupite ndithu. Munthu amene saona tulo chifukwa kope ndi kompyuta zikutsutsana ndi amene maphunziro amenewa anapangidwira. Koma musalipire ngakhale tambala amuna anu asanamve kuchokera pakamwa panu.

Banki m'khonde ilibe chinsinsi. Pamphasa paja pamakhala amayi angapo, aliyense ali ndi mwamuna, mlamu ndi mnzake wa kuchigayo. Tsiku logawana ndalama likadzakwana, nkhani idzafika kusukulu kwa amuna anu musanafike pakhomo. Pamenepo mlandu sudzakhalanso wa digiri. Adzakufunsani kuti, "Ngati munabisa izi, n'chiyaninso china mukubisa?" ndipo Loweruka lililonse lopita ku Blantyre lidzakhala lokayikitsa.

Inu munaphunzira za makompyuta, choncho nkhani ya Cashgate mukuidziwa kuposa ine. Mu September 2013 zinaululika kuti ku Capital Hill anthu amalowetsa mu IFMIS, pulogalamu ya pakompyuta yoyendetsera ndalama za boma, malipiro a makampani amene sanagwire ntchito iliyonse, macheke n'kutuluka, kenako n'kufufuta zonse ngati sipanadutse munthu. Mabiliyoni anapita, ndipo maiko otithandiza anaimika ndalama zothandizira bajeti. Kompyuta sinabe. Vuto linali loti anthu omwewo amatha kulemba, kuvomereza ndi kufufuta popanda wina woyang'ana. Kumene mukupitako akakuphunzitsani kutseka mipata yotere. Nanga pakhomo panu, wolemba, wovomereza ndi wosunga ndalama n'kukhala inu nokha? Ndalamayo ndi thukuta lanu, sindikukana. Koma nyumba yopanda dengayo nayo ndi yanu nonse awiri.

Tsopano za sukulu ziwirizo. Yakunja ya miyezi 12 ija iyendereni pang'onopang'ono. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Musanatumize ndalama, lemberani bungwe la National Council for Higher Education, NCHE, ku Lilongwe, muwafunse ngati pepala la sukuluyo amalivomereza. Funsaninso za ya ku Blantyreyo, ndipo mutchule dzina la pulogalamuyo, chifukwa sukulu itha kukhala yolembetsedwa koma maphunziro ena amene ikupereka asanavomerezedwe. Kumbukiraninso kuti mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Amene amalipira fizi m'madola anagona ndi ngongole ina, n'kudzuka ndi ina. Malipiro anu ndi a makwacha, ndiye fizi yanunso ikhale ya makwacha, pokhapokha wina akulipirireni.

Olipirira alipo. Commonwealth ili ndi masikolashipu ophunzira digiri yachiwiri ku mayunivesite a ku Britain munthu ali kwawo konkuno, osasiya ntchito kapena ana. Sikolashipu ya Chevening imafuna kuti ukhale utagwira ntchito zaka ziwiri, koma imeneyo ndi yonyamuka kukakhala ku Britain chaka chathunthu. Mpikisano ndi waukulu, komabe kulemba fomu sikulipiritsa. Kuno kwathu musaone sukulu imodzi yokha. Poly yanu ija kuyambira 2021 ndi MUBAS, ndipo aphunzitsi anu akale angakuuzeni zoona zake za mapulogalamu amene alipo. Ku Zomba, University of Malawi ili ndi digiri yachiwiri ya Informatics, ndipo kafukufuku wambiri kumeneko wakhudza DHIS2, pulogalamu yochokera ku University of Oslo imene unduna wa zaumoyo umasonkhanitsira malipoti a zipatala. Ngati mtima wanu uli pa kulondoloza mabuku a ndalama, palinso satifiketi ya CISA imene mabanki ndi maodita amailemekeza. Imeneyo mumawerenga muli pakhomo, ngakhale mayeso ake nawo ndi a madola.

Dziwaninso chimene mukukagula. Digiri yachiwiri imeneyi si yokonza makompyuta. Mukaphunzira kutsata katundu ndi ndalama kuchokera pasikelo mpaka kubanki, kuona pamene zimatayikira, kusankha pulogalamu yoyenera thumba la bungwe, ndi kunyengerera kalaliki amene wagwira kope zaka 20 kuti alisiye. Mukaphunziranso malamulo, monga Data Protection Act ya 2024, chifukwa manambala a foni ndi a ziphaso za alimi amene ali pa laputopu ya akauntantiyo ali ndi eni ake. Makalasi anthu ambiri amawamaliza. Pogwera anthu ndi pa kafukufuku, pamene Loweruka la m'kalasi latha ndipo watsala wekha ndi mutu umene unangotola kuti usangalatse mphunzitsi.

Apa ndiye muli ndi mwayi woposa anzanu a m'tauni. Kafukufuku wanu ali kale pa desiki panu. Thumba la kachewere lachoka ku Tsangano, lalembedwa m'kope ndi cholembera chofiira, ngongole ya feteleza yadulidwa mu Excel, mlimi walandira uthenga wa Mpamba pa foni ya mwana wake, mawa lake n'kubwera kuofesi kudzati ndalama yaperewera. Yasowera pati? Mukayankha funso limenelo, digiri mwapeza ndipo kopaletivu yapindula. N'chifukwa chake mupite kwa akuluakulu a bodi ndi kalata, muwapemphe gawo la fizi kapena kuti Lachisanu muziweruka masana, inu n'kulonjeza kugwira nawo ntchito zaka zingapo mukamaliza. Akakana, simunataye kanthu.

Amuna anu musawaweruze msanga. Mawu amene mwandilembera sakunena kuti mkazi asaphunzire. Akunena za malata. Mphunzitsi amene nyumba yake yaima pa lintala mvula ziwiri amamva manyazi akamadutsa pamsewu. Mwina pansi pake palinso mantha oti mukakwera mudzawaona achabechabe, ndipo mawu a apongozi akuthirira mantha amenewo. Mantha otere sachoka ndi mkangano.

Sankhani madzulo ana atagona, osati tsiku limene malipiro achedwa. Yambani ndi kupepesa kuti munasunga ndalama mobisa, ndipo mutchule ndalamayo yonse, osachotsera. Kenako ikani pepala patebulo: fizi ya chaka, thiransipoti ya Ntcheu ndi Blantyre kupita ndi kubwera, pogona Loweruka usiku, bandulo ya intaneti, wotsala ndi ana. Mbali inayo mulembe malata, mitengo ya denga, misomali ndi mmisiri. K1.6 miliyoni siimaliza chilichonse mwa ziwirizi, ndipo ndi bwino nonse muone zimenezo ndi maso. Mukatero mugwirizane ndondomeko. Ngati denga liyamba mvula isanagwe, sukulu ilembedwe mwezi wake ndi chaka chake, ndipo mupemphe sukuluyo ikusungireni malo. Afunseninso za maphunziro awo. Aphunzitsi ambiri a ku pulayimale akukweza maphunziro kudzera ku makoleji a ku Domasi ndi ku Nalikule. Mwamuna amene akudziwa kuti nthawi yake ikubwera sawerenga masiku a mkazi wake ndi mkwiyo.

Apongozi musalimbane nawo. Amene angawayankhe ndi mwana wawo, ndipo adzawayankha bwino akakhala kuti iye mwini wagwirizana nazo. Inu pitirizani kuwalemekeza monga kale, chifukwa mwina ndi iwowo amene adzagone ndi adzukulu Loweruka.

Zikavuta, amuna anu n'kukana ngakhale kuyang'ana pepalalo, kapena kufuna kulanda ndalamayo mokakamiza, itanani ankhoswe a mbali zonse ziwiri. Pamaso pawo munene momveka kuti denga mukulifuna, sukulunso mukuifuna, ndipo mukupempha tsiku loyambira. Katapila yekha musamuyandikire, ngakhale tsiku lotseka kulembetsa litayandikira bwanji. Sukulu zimalemba ophunzira chaka chilichonse.

Kalata ya ku NCHE ilembeni sabata ino, ndipo amuna anu muwauze gulu lanu lisanagawane ndalama.

Azakhali