Kodi Nsima Ichokera Kuti?

Funsani mwana wa ku Maselema kumene ufa uchokera, ndipo adzayankha kuti: ku msika wa Limbe. Mwanayo sanalakwe ai. Olakwa ndife amene sitinamphunzitse. Msika subala kanthu. Nandolo achokera ku Chiradzulu ndi ku Thyolo, kachewere ku Ntcheu, mpunga ku Karonga, ndipo mai wa zonsezi ndiye nthaka.

Koma nthaka nayo itopa. Tikatentha mapesi ndi kudula mitengo ya m'mapiri, mvula ikokolola dothi. Tinadzionera tokha m'chaka cha 2023, pamene namondwe Freddy anagumula phiri la Soche, matope nakwirira nyumba ndi anthu ku Chilobwe.

Tichitenji tsono? Poyamba, kwirirani mapesi, musawatenthe. Kachiwiri, bzalani nandolo pakati pa chimanga, pakuti abwezera chonde m'nthaka. Kachitatu, sakanizani ndowe, madeya, phulusa ndi feteleza pang'ono, muwazepo madzi, mumange m'thumba masiku 21: amenewo ndiwo manyowa a Mbeya.

Inu akatekisiti, uzani makolo kuti apatse ana kadimba kuseri kwa nyumba. Mwana amene wathirira mpiru ndi manja ake sadzataya nsima kudzala.