Matimati, Mnadzi ndi Kachewere: Kadyedwe Koyenera

Matimati, tsabola, mabiringano, mnadzi ndi mbatata ya kachewere ndi zomera za mtundu umodzi, ngakhale sizifanana maonekedwe. Kachewere amalola bwino kumapiri a Neno, monga kwa Dambe, chifukwa cha kuzizira. Zakudya zimenezi zili ndi ntchito yake m'thupi, makamaka pa matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi.

Matendawa si a m'tauni mokha ayi. Kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo wa mu 2009 anapeza kuti mwa anthu atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi, mmodzi anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi.

Matimati, mabiringano ndi masamba a mnadzi ndi ndiwo zabwino. Sizinenepetsa, ndipo sizikweza shuga msanga. Koma mayi akathira mchere wambiri, ubwino wake umachepa. Munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere pa tsiku, ndiye kuti kasupuni kamodzi ka tiyi.

Kachewere ndi wosiyana. Iye ali m'gulu la nsima, mpunga ndi chinangwa, pakuti akafika m'mimba amasanduka shuga. Tsono wodwala shuga amene adya nsima nayesa kachewere ndiwo, wadya nsima kawiri. Asankhe chimodzi, adye pang'ono, ndipo masamba achuluke m'mbale. Kachewere wowiritsa aposa chipisi cha pachiwaya, chodzaza mafuta ndi mchere.

Chenjezo lina ndi ili: zomera zimenezi zili ndi poizoni wotchedwa solanine. Kachewere akakhalitsa padzuwa nabiriwira, kapena akaphuka kwambiri, poizoniyo amachuluka, ndipo kuphika sikumuchotsa. Wodya amasanza ndi kutsegula m'mimba. Kachewere wotere atayidwe, ndipo wabwino asungidwe pamdima. Masamba ake asadyedwe ngati kholowa. Ana asadye zipatso zosapsa za mnadzi.

Palibe ndiwo imene imachiritsa shuga. Wodwala asaleke mankhwala. Mu 2015 Unduna wa Zaumoyo ndi bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo anayambitsa m'zipatala za Neno chithandizo chapadera cha matenda a mgonagona ngati amenewa.

Akulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Koma matenda awa amalowa mwakachetechete, munthu osamva kupweteka. Nchifukwa chake aliyense wamkulu apite kukayezetsa asanadwale, ndipo aphunzitsi afotokozere ana a sukulu kuti nawonso akauze makolo awo.