Maso Pamsewu, Maganizo Pafoni

Mnyamata wina wa kabaza ananyamula mayi ndi thumba la chimanga ku Malingunde, kufupi ndi Damu la Kamuzu, ulendo wa kumsika wa Mitundu. Atatsala pang'ono kufika, foni yomwe anaimangirira pahandulo inawala. Anaiponyera diso, n'kudzutsanso mutu. Nthawi imeneyo ngolo inali ikulowa mumsewu kuchokera kumanzere, ndipo anakaiwomba. Mayi aja anathyoka mwendo, chimanga chili mbwee m'fumbi. Kuchipatala mnyamatayo ankangobwereza kuti, "Pepani mayi, ndimayang'ana kutsogolo ndithu, koma ngoloyo sindinaione."

Achibale a mayiwo anati akunama, komatu ankanena zoona.

Diso limaona bwinobwino pamalo ochepa zedi, ofanana ndi chikhadabo cha chala chachikulu mukatambasula mkono. Zam'mbali zimangooneka mbuu. N'chifukwa chake ubongo umalidumphitsa uku ndi uku pafupifupi katatu pa sekondi, ndipo pamene likudumpha, umayamba wachepetsa kuona kuti dziko lisaoneke ngati likugwedezeka. Kumene disolo litere kumalimbiranidwa ndi mbali ziwiri za ubongo. Kachigawo kena mkati mwa ubongo, kotchedwa superior colliculus, kamakokera diso ku chilichonse chothwanima kapena choyenda mwadzidzidzi munthu asanaganize n'komwe. Mbali yakutsogolo kwa ubongo ndiyo imalozetsa diso pa chimene mwasankha, n'kulikaniza kutengeka ndi zina. Kutopa, tulo ndi mowa zimaifooketsa mbali imeneyi, ndipo anyamata athu ambiri amayamba ntchito m'bandakucha mpaka usiku.

Chondiopsa kwambiri n'chakuti diso likabwerera pamsewu, maganizo amatsalira pa foni ija. Mu 1999, Daniel Simons ndi Christopher Chabris a ku Harvard anaonetsa anthu kanema n'kuwauza kuti awerenge kuti osewera ovala zoyera apatsirana mpira kangati. Munthu wovala ngati chinyani chachikulu anadutsa pakati pa osewerawo, koma pafupifupi theka la oonerawo sanamuone. Amenewo anali chikhalire pampando. Nanga munthu amene ali pa njinga yamoto, kumbuyo atanyamula mayi wa ana?

Pa Nathenje, pomwe msewu wa M1 wadutsa pakati pa ogulitsa malonda, ana asukulu ndi mbuzi, galimoto yothamanga makilomita 60 pa ola imayenda mamita 33 m'masekondi awiri okha. Dalaivala wa minibasi amene akulowa mumsewu amakhala akusakasaka malole ndi mabasi, khutu lili kwa kondakitala, ndiye njinga yamoto ikhoza kudutsa m'maso mwake iye osaizindikira. Inu a kabaza, akacheukira kwa inu musafulumire kunena kuti wakuonani. Chepetsani liwiro, imbani hutala. Ndipo inu amene mwakwera kumbuyo, foni ikalira, mugwireni wakabazayo paphewa n'kumuuza kuti, "Achimwene, imani kaye pambali muyankhe."